Chipere cha nandolo chisamatithere nkhuni

Kuno kwathu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, munthu akati "lero kulibe ndiwo" amatanthauza kuti kulibe nsomba. M'nyumba mungakhale nkhwani, chisoso, mwinanso thumba la nandolo pakona, koma ngati matemba, makumba kapena mlamba sizinafike m'mbale, ana amadya nsima ngati akumwa mankhwala. Vuto n'lakuti nyanja yathuyi ndi yosadalirika. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imangodalira zimene mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe yabweretsa. Agogo athu amakamba za kuphwa kwa mu 1968, makolo athu amakamba za 1995, ndipo ife tinadzionera tokha mu 2018 mabwato atakhala pamatope ouma ku Kachulu. Ngakhale chaka chimene madzi alipo, m'dzinja makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane, ndiye kamulu ka matemba pa Jali kapena pa Govala kamakwera mtengo mpaka mphunzitsi ngati ine ndimangokayang'ana n'kudutsa.

Choncho sabata ino ndati tikambirane za ndiwo imene siiphwa nyanja ikaphwa: chipere cha nandolo. Kwa anzathu a m'tauni amene mwayamba kale kuseka, sindikunena chipere cha pamutu chija. Ndikunena nandolo wouma woswa pamphero, wopeta makoko onse, wophika mpaka kusungunuka n'kukhala ngati phala. Azungu ali ndi chawo chofanana nacho, supu wa kabaifa wouma woswa pakati, ndipo Amwenye amadya cha nandolo weniweniyu pafupifupi tsiku lililonse. Ife amene timalima nandoloyo ndi amene timamuona ngati ndiwo ya tsiku la mavuto.

Nandolo ndi mbewu yopirira. Timamubzala pamodzi ndi chimanga mvula yoyamba ikagwa, chimanga chikakololedwa iye amatsala m'munda ali wobiriwira chifukwa mizu yake imapita pansi kwambiri, ndipo timamukolola m'chilimwe, cha m'ma Julayi mpaka Seputembala. Masamba ake akayoyoka amabwezera chonde m'nthaka, mitengo yake ndi nkhuni. Kaya mwabzala wamakolo wa Mthawajuni, kaya wamakono monga Sauma, Kachangu kapena Mwaiwathualimi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nandolo wouma ndi mapuloteni, zakudya zomanga thupi zimene timazisaka mu nsomba zija. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa, gulu la zanyemba ndi limene banja losauka lingathe kulikwanitsa chaka chonse popanda kupita kumsika.

Komatu ambiri timalima nandolo kuti tigulitse. Mavenda amabwera ndi masikelo awo, nandolo amapita ku Blantyre, ena amaswedwa m'zigayo za kumeneko, wambiri amakwera sitima kupita ku India. Mu Ogasiti 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mitengo inagwa chagada, ndipo alimi ambiri m'chigawo cha kummwera anangotaya thukuta lawo pa mtengo wozizira. Mu 2021 boma lathu linagwirizana ndi India kuti azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, zinthu zinayambanso kuoneka bwino, koma phunziro linatsala: msika wa kutsidya kwa nyanja suli m'manja mwathu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nandolo amene tingamudalire ndi amene tasunga kuti ana athu adye.

Nanga n'chifukwa chiyani sitimudya mokwanira? Funsani mayi aliyense, yankho ndi limodzi: moto. Nandolo wouma wosaswa amakhala pamafuwa maola awiri kapena kuposa, nyemba nazo chimodzimodzi. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa nyumba khumi zilizonse m'dziko muno, zoposa zisanu ndi zinayi zimaphikira nkhuni kapena makala. Kuno kuchigwa mitengo inatha kalekale, ina inathera kuwamba nsomba, ina kuotcha njerwa. Makala amatsika panjinga kuchokera kumapiri, ndipo aliyense woyang'ana mapiri a Zomba, Malosa ndi Chikala amaona mmene ameteka. Mitengo ikatha kumtunda, dothi limakokoloka n'kudzakwirira nyanja yomwe ija timadandaula kuti ikuphwa. Mphika wa nandolo ndi kuphwa kwa Chilwa ndi nkhani imodzi.

Ine nkhaniyi ndimaionera m'kalasi. Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera, ndipo mtsikana akafika belu litalira kale, kawirikawiri amakhala kuti anayamba wakatola mapesi kapena ziputu za nandolo. Ana a selofu, amene amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, amabwera ndi nandolo ndi nyemba kuchokera kwawo, koma amakagulitsa kuti agule soya pisi kapena bonya. Akafunsidwa amati: "Aphunzitsi, makala a nyemba tiwatenga kuti? Nanga tiwerenga nthawi yanji?" Mwana akugulitsa chakudya chabwino chifukwa alibe moto wochiphikira. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga.

Njira yoyamba yochepetsera moto agogo athu anaidziwa kale, ndiyo kuswa. Chimene chimachedwetsa nandolo kupsa ndi khoko lake lolimba, limene limatchinga madzi kuti asalowe msanga. Mukamuyanika bwino padzuwa, kapena kumukazinga pang'ono m'phale, n'kumupera mopepuka pamphero kuti angosweka pakati osasanduka ufa, kenako n'kupeta palichero, mwachotsa chotchingacho. Nandolo woswa wonyika m'madzi amapsa pasanathe ola limodzi ngakhale pamafuwa. Ntchito yopera mukhoza kuigwira kamodzi Loweruka, n'kusunga wokwana sabata ziwiri m'chigubu chouma chotseka bwino.

Njira yachiwiri ndi poto amene m'masitolo amamutcha pressure cooker, ife tangomuzolowera kuti poto wa pulesha. Ndi poto wachitsulo chochindikala, chivundikiro chake chimakhoma, m'mphepete mwake muli labala woletsa nthunzi kutuluka, ndipo pamwamba pali kabowo kokhala ndi kachitsulo kolemera kamene kamalira ngati wezulo. Wanga ndi wa malita 5, ndinagula ku Limbe zaka zitatu zapitazo, ndipo ndimamugwiritsa ntchito pambaula ya makala.

Mmene amagwirira ntchito ndi phunziro limene ana a Fomu 2 amalidziwa papepala. Madzi a mu poto wosatseka amawira pa madigiri 100 kwa anthu okhala m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kuno kwathu, chifukwa tili mamita oposa 600 pamwamba pa nyanjayo, amawira cha pa 98, ndipo pamwamba pa phiri la Zomba amawira asanafike n'komwe pamenepo. Madzi akangowira sawonjezeranso kutentha, ngakhale musonkhezere mtolo wonse wa nkhuni. Moto wowonjezerawo umangosandutsa madzi nthunzi n'kuuluka, ndiye chifukwa chake timakhalira kuthira madzi ena mumphika wa nyemba, amene amauziziritsanso. Mu poto wa pulesha nthunzi imatsekeredwa, imapanikiza madzi, ndipo madziwo amatentha kufika cha pa madigiri 120 asanawire. Kusiyana kwa madigiri makumi awiriwo ndi kumene kumasandutsa maola kukhala mphindi.

Nzeruyi si yatsopano. Katswiri wina wa ku France dzina lake Denis Papin anapanga poto woyamba wa mtunduwu mu 1679 ali ku London, ndipo ankafewetsa nawo ngakhale mafupa. Lero ku India, kumene nandolo wathu amapita, potoyu amapezeka m'nyumba zambiri, za olemera ndi za osauka zomwe, ndipo makampani monga Hawkins ndi Prestige anakula chifukwa cha iyeyu. Amene amagula nandolo wathu anapeza kale njira yomuphikira mosaononga moto. Ife tinangowatumizira mbewu osafunsa kuti amaphika bwanji.

Tsono kaphikidwe kake ndi aka, ka banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Tengani makapu awiri a nandolo woswa, musankhe timiyala, mutsuke kangapo mpaka madzi ayere, ndipo timakoko totsala toyandama mutaye. Munyikeni m'madzi kwa ola limodzi, kapena kuyambira m'mawa ngati mukuphika masana. Tayani madzi onyikirawo, ikani nandolo mu poto ndi makapu asanu a madzi abwino. Ikani pamoto musanatseke. Akayamba kuwira mudzaona thovu loyera likukwera. Liwauleni ndi chipande mpaka lichepe, kenako thirani supuni imodzi ya mafuta ophikira. Mafutawo si okometsera ayi, ntchito yake ndi kugonetsa thovu.

Mukatero tsekani chivundikiro mpaka chikhome, ikani kachitsulo kake, moto ukhale wamphamvu. Pakapita mphindi zingapo poto adzalira koyamba. Apa ndi pamene ambiri amaononga makala: poto akalira, chepetsani moto. Pambaula ya makala tsekani kachitseko ka mphepo kapena phulani makala ena. Pa Chitetezo Mbaula sololani nkhuni kutsale imodzi. Kamoto kochepa n'kokwanira kuti azingopuma pang'onopang'ono. Werengani mphindi 8 kapena 10, kenako phulani, muike pansi pamalo osafika ana, ndipo musamukhudze kwa mphindi 15. Nthawi imeneyi chipere chimakhala chikupsabe popanda moto, inu mukuphika nsima pa makala omwe aja.

Nthunzi ikatha yokha, chivundikiro chimatseguka mosalimbana nacho. Mudzapeza nandolo atafeweratu. Mutakaseni ndi mthiko mpaka asalale, thirani mchere. Pambali kazingani anyezi ndi tomato awiri kapena atatu, kambuzi kwa okonda tsabola, n'kuthira mu chiperemo, chiwire pang'ono poto ali wosatseka. Tomato amalowa kumapeto chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa nandolo ndi nyemba zikakhala zisanapse. Ngati mafuta palibe, nsinjiro zimachita bwino kwambiri, koma nazonso zithiridwe poto atatsegulidwa, chifukwa zimakakamira pansi n'kupserera. Mukafuna ndiwo ya nsima kapena ya mpunga wathu wa Faya, chisiyeni cholimbirako. Mukafuna supu wa mwana, wa wodwala kapena wa agogo opanda mano, onjezerani madzi otentha, mudyere mbatata kapena chinangwa. Kuyambira kuyatsa moto mpaka kupakula sipatha mphindi 45, ndipo nthawi imene poto amakhaladi pamoto siifika theka la ola.

Phindu lina n'lakuti soda sakufunikanso. Amayi ambiri kuno amathira soda kapena chidulo mu nandolo ndi nyemba kuti zipse msanga, makamaka kumene madzi a pamjigo ndi amchere ndipo ndiwo zimachedwa kufewa. Sodayo amafewetsadi, koma amaononga ena mwa mavitamini a gulu la B amene thupi limafuna, ndiponso amasintha kakomedwe.

Tsopano mawu a chenjezo, ndipo awa musawadumphe. Pa zakudya zonse, chipere ndi chimodzi mwa zovuta mu poto wa pulesha, moti mabuku ena a malangizo obwera ndi mapotowa amachenjeza za mbewu zoswa ngati zimenezi. Chifukwa chake ndi thovu lija. Likakwera limodzi ndi timakoko n'kutseka kabowo ka nthunzi, mphamvu imachuluka m'kati popanda potulukira. Choncho nandolo ndi madzi pamodzi zisapitirire theka la poto, ndipo kwa chipere ndi bwino kulekezera pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Musanatseke, yang'anani kabowoko padzuwa muone ngati kuwala kukudutsa. Poto akakhala pamoto wamphamvu koma osalira nthawi yaitali, phulani, azizire, muone chavuta. Musachotse kachitsulo kapamwamba poto ali wotentha, chifukwa chipere chimatumphuka n'kukuotchani kumaso. Musakanganule chivundikiro ndi mpeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pachivundikiro palinso kavalavu kachiwiri kotetezera ngozi, kamene kamatseguka kapena kusungunuka mphamvu ikapyola muyeso. Kakaonongeka gulani kena. Musalole wokhoma zidebe kuti atsekepo ndi msomali kapena mtovu, chifukwa pamenepo mwasandutsa poto kukhala bomba. Mukamagula wa pakaunjika, onetsetsani kuti labala ndi wosang'ambika, kachitsulo ndi kakekake, ndipo funsani ngati labala wa saizi imeneyo amapezeka m'sitolo. Pamafuwa potoyu savuta kupsa zigwiriro chifukwa malawi amanyambita m'mbali, n'chifukwa chake mbaula ndi yabwino. Ndipo kwa abale anga a Chilomwe: kalongonda musamudulire njira. Amafunika kuphika nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo kuti poizoni wake achoke, ndiye aphikidwe monga mwa masiku onse.

Ndikudziwa chimene ambiri mukunena mumtima: "Aphunzitsi, inu mumalandira pakutha pa mwezi, ife ndalama ya poto wotere tiitenga kuti?" Funsoli ndi loona. Potoyu ndi wodula, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kumudzi sapezeka, mpaka Zomba kapena Limbe. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Banja limene limaphika nandolo kapena nyemba katatu pasabata, likamapulumutsa ola ndi theka la moto ulendo uliwonse, pamwezi lapulumutsa maola 18. Muwerengere nokha kuti maola 18 ndi makala angati kapena mitolo ingati ya nkhuni pa mtengo wa kwanuko, muone kuti poto abweza ndalama yake pakatha miyezi ingati. Poto wosamalidwa bwino amakhala zaka zambiri, chosintha ndi labala yekha.

Ine wanga ndinagula kudzera m'chipereganyu cha aphunzitsi anzanga, ndipo pano anayi mwa ife tili naye. Magulu a banki m'khonde amabwereketsa ndalama za geni, za feteleza, ngakhale za zitenje za ukwati. Palibe choletsa kuti agulirenso mamembala mapoto mmodzimmodzi. Popeza kuphika kwake n'kwa mphindi zochepa, nyumba zitatu zoyandikana zikhoza kugwiritsa ntchito poto mmodzi m'mawa umodzi, monga timabwerekerana mtondo ndi sefa. Ana a selofu asanu ndi mmodzi atasonkha, makomiti a makolo atawathandiza, akhoza kumadya nandolo wa kwawo m'malo momugulitsa. Mutu umodzi susenza denga.

Ena amati chakudya cha mu poto wotere sichikoma ngati cha mumphika wadothi. Pa nyemba zosaswa mwina tingatsutsane, poti msuzi wake umafuna kuwiritsanso pang'ono poto atatsegulidwa kuti ulemerere. Koma pa chipere palibe mlandu, chifukwa chimene timafuna n'chakuti nandolo asungunuke, ndipo potoyu amachita zimenezo bwino kuposa mphika. Kukoma kumachokera ku anyezi, tomato, nsinjiro ndi dzanja la wophika.

Kwa amene poto wa pulesha ali kutali ndithu, pali njira yachitatu yosalira ndalama. Tengani dengu lalikulu, muyalemo nsanza, masamba ouma a nthochi kapena mankhusu a mpunga osokerera m'thumba, amene kuno pafupi ndi sikimu ya Likangala amangotayidwa pazigayo. Nandolo woswa wonyika awire bwino pamoto kwa mphindi 15 mu poto wamba wokhala ndi chivundikiro chokwana, kenako muike potoyo m'dengumo ali chiwirire, mufunditse pamwamba ndi m'mbali kuti kutentha kusatuluke. Pakatha maola awiri kapena atatu mudzapeza wapsa. Mukatulutsa muwiritsenso pang'ono pothira zokometsera. Njirayi siipulumutsa nthawi ngati poto wa pulesha, koma imapulumutsa nkhuni, ndipo mayi akhoza kupita kudimba, mwana kusukulu, ndiwo zikudziphika zokha popanda woyang'anira moto.

Pempho langa likupita mbali zitatu. Kwa amalonda a mu mzinda wa Zomba ndi m'misika yathu: mukamabweretsa mapotowa bweretsaninso malabala ndi mavalavu ake, chifukwa poto wopanda zosinthira amasanduka chotungira madzi. Kwa alangizi a zaulimi ndi mabungwe amene amatiphunzitsa za mbaula zosaononga nkhuni: mbaula ndi theka chabe la nkhani, theka lina ndi chimene chakhala pambaulapo, ndiye pa zionetsero zanu muziphikanso chipere anthu aone ndi maso. Kwa abambo anzanga: nandolo akakololedwa musathamangire sikelo ndi matumba onse. Thumba limodzi litsale, lithiridwe mankhwala kapena lisungidwe m'thumba losalowa mpweya kuti anankafumbwe asalowe, likhale ndiwo ya Januwale ndi Febuluwale pamene nsomba zasowa ndipo m'thumba mulibe kanthu.

Sabata ino yambani ndi chimene muli nacho. Swani makapu awiri, nyikani, muphike, muone nthawi imene zatenga ndi nkhuni zimene zatsala. Amene muli kale ndi poto wa pulesha koma anangokhala pamwamba pa kabati chifukwa cha mantha, mutsitseni, muyang'ane labala ndi kabowo, muitane mnansi wanu adzaonere. Mukayesa, tilembereni kudzera patsamba lino mutiuze mmene chipere cha kwanu chakomera, ndi njira zina zimene amayi a kwanuko amapulumutsira moto.